Loji yomwe tinagona ku Senga Bay pa Mother's Day: ndalama zina zinagwira ntchito, zina ndikuzilirabe

Amayi anga ali ndi zaka 67 ndipo nyanja anali asanaionepo ndi maso, chonsecho kwathu ndi ku Dowa konkuno komwe msewu wa ku Salima umadutsa. Amangomva kuti kuli nyanja, usipa amadya, koma madzi akewo ayi. Nde chaka chatha ndalama ya chipeleganyu itandigwera mu September ndinangoti basi zivute zitani pa 15 October amayi akaone nyanja, achimwene aku Blantyre ananditumizirako kangachepe pa Airtel Money nkuti iwo sabwera ntchito yawathina, tinanyamuka atatu, ine, amayi ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 8. Masiku awiri ogona. Ndikulemba izi chifukwa anthu ambiri kuntchito akhala akundifunsa kuti loji ija inali bwanji, ndipo ndikamayankha ndimapezeka ndikulongosola zambiri za pomwe ndinaika ndalama kuposa za lojiyo. Dzina lake sinditchula, pali zina zomwe sizinandisangalatse ndipo sindikufuna kuwonongera anthu bizinesi, koma amene munapitako ku Senga Bay mukudziwa kuti maloji apakatikati amenewa amafanana ngati ana a mimba imodzi.

Mitengo yomwe nditchule ndi yomwe ndinalipira ine nthawi imeneyo, musakaimilire pa risepushoni nkumati koma mayi uja analemba zakuti. Chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 palibe mtengo womwe umagona malo amodzi miyezi itatu.

Mkangano woyamba unali wa galimoto. Ine ndimakhala ku Area 25, ndipo pali achimwene ena ake a Sienta omwe amanditengera katundu nthawi zina, ndinagwirizana nawo K170,000 kukatisiya mpaka pa geti la loji ndi kudzatitenga tsiku lobwerera, mafuta awo. Amayi atamva anagwira pakamwa. Anati iwe Nabanda, ndalama zonsezo galimoto yokha, kodi minibasi zatha mu Lilongwe muno? Ndipo kunena zoona nanenso mtima unkandiwawa chifukwa pa minibasi anthu atatufe sitikanafika ngakhale theka la ndalama imeneyo. Koma ndinaganizira zinthu zingapo. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa Salima boma ndi makilomita pafupifupi 100, kenako ena pafupifupi 20 kuti ufike ku Senga Bay, kutanthauza kuti pa minibasi uyenera kaye upite ku depoti kapena ukaime pa Kanengo, udikire idzadze, mukhale anayi anayi pa mpando, thumba la chimanga la munthu wina pa mapazi pako, ukatsika pa Salima uyambenso kusaka ina kapena kabaza, amayi omwe mawondo amawavuta moti kutchalitchi amakhala pa mpando wa kumapeto kuti aziwongola mwendo. Komanso linali tsiku loti Lilongwe yense akuthamangira kunyanja, makondakitala tsiku limenelo mtengo amangotchula womwe wawabwerera m'mutu.

Ndalama imeneyo ndi yomwe sindinaidandaule ngakhale pang'ono. Tinanyamuka 6 koloko m'mawa amayi atakhala kutsogolo mpando atautsamiritsa, pa Chezi anati imani imani ndione tomato, tinaima, anatsika nkuyamba kunenerera mtengo ngati ali pa msika wa kwawo, tinagula tomato ndi anyezi zomwe panthawiyo ndinkaona ngati katundu wachabe koma mumva kutsogoloku kuti zinatipulumutsa. Titadutsa Mvera msewu ukuyamba kutsetsereka mapiri aja, mphepo yolowa pa windo inasintha nkukhala ngati yochokera mu uvuni, amayi anavula juzi nkuti kodi anthu akuno amakhala bwanji. Pomwe nyanja inayamba kuonekera patali anangokhala chete. Mwana wanga ndi amene ankakuwa kuti agogo onani onani, iwo osayankha, kenako anangoti, madzi onsewa Mulungu anawaika malo amodzi?

Tsopano lojiyo. Ndinaipeza pa Facebook, zithunzi zokongola, mchenga woyera, kama woyalidwa bwino ndi maluwa pamwamba. Pa WhatsApp anandiyankha mwachangu ndipo anandipatsa mitundu iwiri ya zipinda, cha wamba K85,000 usiku umodzi, ndi chomwe amachitcha lake view K140,000, zonse ndi kadzutsa. Apa ndi pomwe ndinapusa. Ndinadziuza kuti amayi abwera kamodzi, adzuke m'mawa atsegule katani aone nyanja ali pa bedi, nde ndinatumiza dipoziti ya chodulacho osafunsa chilichonse, osafunsa kuti chili mbali iti, osafunsa za magetsi, osapempha ngakhale kavidiyo. Masiku awiri ndi K280,000, kusiyana kwake ndi chipinda cha wamba ndi K110,000 yathunthu.

Nyanja inkaoneka inde, sananame. Koma inkaoneka ukaima pa kona ya windo nkupendeketsa mutu, pakati pa denga la bala ndi mtengo wina waukulu. Ukagona pa bedi chomwe unkaona ndi thanki ya madzi. Kkkk ndinaseka ndekha chifukwa kulira kukanandichititsa manyazi pamaso pa amayi. Ndipo vuto lalikulu silinali limenelo. Zipinda za lake view pa maloji ambiri ndi zomwe zili pafupi ndi gombe, ndipo gombe ndi pomwe pali bala, ndipo pa Mother's Day bala ndi pomwe pali masipika akuluakulu ngati mafiriji. Nyimbo zinalira mpaka cha m'ma 2 koloko usiku, khoma likunjenjemera, DJ akupereka moni kwa anthu aku Area 18 ndi aku Kawale mobwerezabwereza ngati kuti aiwala komwe achokera. Amayi anagona chagada maso ali gwa kudenga, nkundifunsa kuti kodi anthu amenewa mawa sapita kuntchito. M'mawa ndikuzungulira kuseri ndinaona zipinda za wamba zija, zili pansi pa mitengo ya mango, mthunzi wabwino, phokoso likungomveka patali, banja lina litakhala pa khonde likumwa tiyi nkhope zosalala zoti anthu agona tulo. Iwo alipira zochepa, ine ndalipira zambiri kuti ndigone mu disiko.

Nkhani ya AC nayo, makina oziziritsa m'chipinda aja. Chifukwa china chomwe ndinasankhira chipinda chodula chinali chakuti muli AC, poti aliyense amadziwa kuti Salima mu October si masewera. AC inalimo ndipo inkagwira ntchito bwinobwino magetsi akakhalapo. Usiku woyamba anazima cha m'ma 8, jenereta inalira, mababu anayaka, masipika anapitiriza, mafiriji a ku bala anapitiriza, AC zii. Nditapita kukafunsa, mtsikana wa pa risepushoni anandiuza mwaulemu ndithu kuti pepani madam jenereta yathu siikoka ma AC, imangokwanitsa magetsi ndi mafani. Chabwino fani, koma chipinda chathu chinalibe fani chifukwa ndi cha AC. Mwaiona nkhaniyo? Zipinda zotchipa zija zili ndi fani ya kudenga yomwe imayenda ndi jenereta, chodulacho chilibe. Anatibwerekako kafani koimika pansi patapita ola, kamene kankatembenuka uku kakulira ngati njinga yopanda girizi, koma bola kanatithandiza. Nde ngati mukupita kunyanja nyengo yotentha funsani funso ili musanatumize kobiri: magetsi akazima chimayenda ndi chiyani m'chipindamo? Pena amakhala ndi sola, pena jenereta yaikulu, pena mayankho ake amangozungulira, ukamva akuti aaa kuno sazimazima dziwa kuti ugona thukuta.

Neti inali ndi mabowo awiri, limodzi loti chibakera nkulowa. Amayi sanadikire kuti ndikadandaule, anasolola ulusi m'mphepete mwa chitenje chakale nkumanga mabowowo ngati akumanga thumba la mtedza, nkuti udzudzu wa kunyanja sudziwa kuti walipira zingati. Pamenepo ndiye ndinaona kuti K4,000 yomwe ndinagulira mankhwala opopera udzudzu ku Lilongwe inali ya nzeru kuposa K110,000 ija.

Ndisawanamizire zoipa zokhazokha. Zofunda zinali zoyera zonunkhira sopo, bafa laukhondo, madzi ankatuluka ndi mphamvu nthawi zonse zomwe ngakhale kwathu ku 25 sizichitika tsiku lililonse. Ogwira ntchito ndi anthu abwino kwambiri. Panali mayi wina wokonza m'zipinda yemwe ataona amayi akutsimphina anabwera yekha ndi beseni la madzi ofunda nkuti agogo viikani mapazi, osapemphedwa, ndipo anakhala nawo pansi kucheza za kumudzi mpaka anapezana kuti apongozi ake ndi a ku Mvera. Mlonda naye ankatiperekeza ndi tochi. Anthu amenewa ndi omwe akuigwirizira loji imeneyo, ndipo ndalama yomwe ndinawasiyira ponyamuka ndinaipereka ndi mtima umodzi, ndikanakonda ikanakhala yochulukirapo koma inali itapita ku thanki ya madzi ija.

Kadzutsa ndi wa nthawi zonse, mazira awiri, soseji imodzi, tchipisi pang'ono, buledi, tiyi wa mkaka. Palibe chodandaula palibenso choyamikira. Amayi anapempha phala, anawapangira.

Chakudya chamadzulo ndiye china. Tsiku lofika ndinati tili kunyanja tidye chambo, pa menyu K22,000 mbale imodzi ndi nsima kapena tchipisi. Tinaitanitsa mbale ziwiri ndi nkhuku ya mwana. Tinadikira ola limodzi ndi theka, mwana mpaka anagona pa tebulo, ndipo chitabwera chambocho chinali ngati chikhatho changa, chokazingidwa mpaka kuuma ngati chikumbutso. Amayi anachitembenuza uku ndi uku nkuti kodi kameneka kanali katasiya kuyamwa? Ndikudziwa kuti chambo chinavuta, si monga kale, m'nyanjamu chinachepa ndipo china chomwe timadya m'tauni masiku ano ndi choweta, nde sindinayembekezere chozizwitsa. Koma K22,000 ayi. Pobwera bilu inali itakweranso chifukwa mitengo ya pa menyu inalibe VAT ndi tourism levy ya 1% ija, zinalembedwa pansi penipeni ndi tizilembo tofuna magalasi. Si kuba, misonkhoyo ndi ya boma, koma munthu umafuna udziwiretu.

M'mawa mwake ndi pomwe tinachita zanzeru, ndipo nzeruyo sinali yanga, anatiuza ndi mayi wokonza m'zipinda uja. Anati mukadzuke 5 koloko muyende ndi gombe kumanja mukafike pomwe asodzi amakocheza. Tinapita ine ndi amayi pang'onopang'ono mwana tamusiya akugona. Kumeneko ndiye kunyanja kwenikweni, osati kwa pa Facebook. Mabwato akufika, anyamata akukoka maukonde, amayi a geni ndi mabeseni ali m'madzi mpaka m'mawondo kulimbirana, usipa ukuthiridwa pa matandala kuti uume ukunyezimira ngati makobiri atsopano, fungo lake lokhalokha limakuuza kuti wafika. Amayi pamenepo mawondo anachira. Analowa pakati pa gulu nkuyamba kutsegula makha a nsomba ndi chala kuona ngati ndi ofiira, ine ndikungoima kumbuyo ndi kachikwama ngati mlendo wochokera ku London. Anatuluka ndi kampango mmodzi wamkulu wautali ngati mkono wanga pa K12,000, atayambira pa K20,000, mnyamata wogulitsayo mpaka anati agogo inu mwandipha. Ku khitchini ya loji anatilipiritsa K5,000 yophikira, tinawapatsa tomato ndi anyezi wa pa Chezi uja, amayi analowa nawo konko kukawauza kuti asamukazinge amuphike wamsuzi moto wapang'onopang'ono, ndipo masana tinadya kampango ndi nsima atatu mpaka kutsala wa madzulo. K17,000 chakudya cha kawiri anthu atatu, dzulo lake titawononga yoposa K60,000 nkugona ndi njala. Si maloji onse amalola zimenezi, ena amakana kapena amatchaja mokwera dala, nde funsani, koma awa analola ndipo pa ichi ndawapatsa ulemu.

Usiku wachiwiri anthu a Mother's Day anali atabwerera ku Lilongwe, bala ili zii, ndipo tinakhala pa mchenga mdima utagwa. Kutali pa madzi panayamba kuoneka magetsi, amodzi amodzi kenako mzere wautali ngati msewu wa mu tauni. Amayi anandigwira mkono nkuti Nabanda, kodi tauni iyo ndi ya ku Mozambique? Mlonda anaseka nkuwauza kuti ayi agogo amenewo ndi asodzi a usipa, amayatsa nyali kuti usipa usonkhane pa kuwalako kenako amauzinga ndi chilimira, m'mawa ndi omwe munawaona aja. Kale ankagwiritsa nyali za parafini zopopa zija, pano ambiri ndi mababu a batire. Amayi anakhala nthawi yaitali akuyang'ana, nkuti zaka zonsezi ndimadya usipa osadziwa kuti anthu amagona pamadzi chifukwa cha ine. Chimenechi chinali chaulere. Sichinafune lake view, chinangofuna kutuluka panja nkukhala pansi.

Tsopano boti, pomwe ndinatulutsanso ndalama mwadala ndipo ndingabwerezenso mawa. Patsogolo pa Senga Bay pali kachilumba kamiyala kaja ka Namalenje komwe ambiri amakatchula kuti Lizard Island. Anyamata a pa gombe amakuzungulira ukangoponda mchenga, aunt boti aunt boti. Panali njira ziwiri. Ena ankatenga anthu ambirimbiri pa mtengo wotsika pa munthu, boti lodzadza mpaka madzi kutsala pang'ono kufika pa milomo yake, anthu ena ali ndi mabotolo m'manja akuimirira kujambula, life jacket olo imodzi osaoneka. Ndinaliyang'ana likunyamuka tsiku la Mother's Day lija mtima unangoti myuu. Ife tonse atatu palibe odziwa kusambira, ine ndinakulira ku Dowa, madzi omwe ndimawadziwa ndi a pa mjigo. Nde ndinafunsa ku loji kuti andipezere munthu wodalirika, anabwera bambo wina wachikulire wa boti la injini, K50,000 ife tokha, ma life jacket atatu kuphatikizapo kakang'ono ka mwana, ndipo ndinawayesa kaye zomangira zake tili pa mtunda chifukwa ena amangokhala nawo a chionetsero zingwe zinaduka kalekale. Bamboyo anati tinyamuke 8 koloko madzi asanayambe kuvunduka, anatilongosolera kuti mwera weniweni ndi wa miyezi yozizira cha mu June ndi July koma ngakhale mu October mphepo ikhoza kudzuka masana, nde amene ali ndi agogo ndi mwana apite m'mawa. Munthu wolankhula choncho ndi amene umafuna akuyendetse.

Amayi poyamba anakana. Anati ine ndaiona nyanja yakwana, kukwera ayi, ndili ndi adzukulu ofuna kuwalera. Mwana wanga ndi amene anawanyengerera. Anavala life jacket pamwamba pa chitenje, anatipempheretsa kaye tonse ndi bambo wa boti yemwe, ndipo injini italira anagwira thabwa ndi manja awiri nkuyamba kuimba nyimbo ya ku Mvano motsitsa mawu maso atatseka. Patapita mphindi zochepa anatsegula diso limodzi. Pofika pakati anali akufunsa mafunso ngati mwana wa sukulu, pansi apa mpakuya bwanji, ng'ona zilipo, inu simuopa.

Pafupi ndi chilumbacho bamboyo anazimitsa injini, anatulutsa kansomba, anaimba likhweru kawiri nkukaponya m'madzi. Ine ndinkaona ngati ndi zachibwana. Nkhwazi inachoka pa mtengo pamwamba pa miyala, mutu woyera mbee, inazungulira kamodzi kenako inatsika mothamanga mapazi atatambasula nkutola kansombako pamaso pathu penipeni, madzi mpaka kutithovukira, kenako inabwerera ikulira kulira kwake kuja kokweza mutu kumwamba. Mbalame yomwe timangoiona pa chizindikiro cha boma. Amayi anaombera m'manja nkuluta nthungululu m'boti, anaiwala zogwira thabwa. Anati aponyenso. Anaponyanso katatu. Pa miyala pamenepo mwana anamwaza nyenyeswa za buledi wa kadzutsa ndipo tinsomba ta mbuna tinabwera gulu, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, madzi oyera moti umationa ngati tili mu galasi, bamboyo nkutiuza kuti timeneti azungu amatigula kukaweta m'nyumba zawo kunja. Ndi zoona, nsomba za mtundu umenewu ndi zomwe zinatchukitsa nyanja yathu mpaka paki ya ku Cape Maclear inalowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kwambiri padziko lonse mu 1984, ife eni ake timangodziwa zokazinga. Ng'azi tinaona imodzi yokha ikuwothera dzuwa pa mwala, amayi anati imeneyo ndiye ayi tiyeni tizipita.

Maola awiri, K50,000. Chipinda chija kusiyana kwake kokha kukanalipira maulendo awiri otere nkutsala chenji.

Ndikaziika pamodzi ndimaona kuti ndalama yomwe inagwira ntchito ndi yomwe inagula zinthu ziwiri, thupi la amayi kuti lisavutike ndi chinthu chomwe ku Lilongwe sungachipeze olo utalipira bwanji. Bedi ndili nalo kunyumba, AC ndimaiona ku ofesi, tchipisi ndi nkhuku zili pa Bwandilo. Nkhwazi yotola nsomba pamaso pako kulibe ku Area 25. M'chipindamo tinkangolowamo kukasamba ndi kukagona, ndipo kugonako nkomwe sikunatheke. Mwina kwa anthu a honeymoon omwe akufuna kutsekeramo tsiku lonse nkhani ndi ina, amenewo alipire, koma apite sabata yopanda holide ndipo apemphe kavidiyo kojambulidwa munthu ataima pa bedi.

Zina tinazidumpha dala. Ku Kuti komwe kuli mbidzi ndi nyama zina sitinapite, dzuwa linali loswa mtengo ndipo thumba linali litayamba kupepuka. Ziboliboli za pa msewu tinangoziona, mitengo yake ndi ya alendo a madola, ngakhale ukalankhula Chichewa amatsitsa ndithu. Zakumwa ndinanyamula kuchokera kuno mu kula bokosi, madzi, Sobo ndi Fanta wa mwana, chifukwa pa bala botolo lililonse ndi pafupifupi kawiri mtengo wa pa grosale, ndipo palibe anatiletsa bola osakamwera pa matebulo awo.

Chinthu chimodzi chotchipa chomwe anthu amaiwala ndi kuthana ndi likodzo. Mwana wanga anasewera m'madzi masiku onse awiri, ine ndinaviikamo miyendo, amayi anasamba kumaso nkunena kuti adalitsidwe. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odekha makamaka komwe kuli bango ndi udzu komanso komwe anthu amachulukana, ndipo timalowa pakhungu osamva kanthu. Mankhwala ake ndi praziquantel, samwedwa tsiku lomwelo lomwe wachoka kunyanja ayi, amadikira padutse milungu 6 mpaka 8 kuti agwire bwino ntchito, ndipo mlingo wake amatengera kulemera kwa munthu nde pitani ku chipatala kapena ku famase akakuyezeni osangogula nkumeza. Ine ndinaika alamu pa foni ya mu December, tinamwa tonse titadya kaye nsima chifukwa pamimba popanda kanthu amazunguza mutu.

Pobwerera achimwene a Sienta anafika nthawi yomwe tinapangana. Amayi anali atagula ndowa ya usipa wouma woti akagawire anzawo a ku Mvano, galimoto yonse fungo, achimwenewo anangotsitsa mawindo osanena kanthu. Pa msewu wochoka ku Senga Bay kupita pa boma pali anthu oluka mipando ija, amayi anati imaninso. Anakhala pa umodzi, anadzuka, anakhala pa wina, anagwedezagwedeza, nkuti uwu ndiye wa msana wanga. K30,000, yomwe sinali mu bajeti ndipo inali yomaliza yeniyeni moti ndinachita kutumizira achimwene aku Blantyre please call me. Tinapinda mipando ya kumbuyo nkuulowetsa, mwana anakhala mopanikizika ndi ndowa ya usipa pa miyendo mpaka ku Dowa komwe tinakawasiya. Pa minibasi mpando umenewo ukanatsala pompo. Pano uli pa khonde kwawo ndipo palibe wina amaloledwa kukhalapo, ngakhale abusa atabwera amapatsidwa wa pulasitiki.

Pa nyenyezi zisanu lojiyo ndiipatsa zitatu. Ukhondo ndi anthu ake zisanu, khitchini ikamaphika nsomba yako zinayi, ikamaphika yawo ziwiri, chipinda cha lake view imodzi ndipo imodziyo ndi ya madzi a mu shawa. Ndinawauza zonsezi ponyamuka, manejala anamvetsera bwino, anapepesa za neti nkuti za fani azikonza, kaya anakonza.

Sabata yatha anditumizira meseji pa WhatsApp kuti madam tayamba kulandira mabuking'i a Khirisimasi, lake view yatsala imodzi tikusungireni? Ndawayankha kuti ayi zikomo, mundiuze kaye ngati chilipo chija chakumapeto kuseri, cha pansi pa mtengo wa mango, chomwe chili ndi fani ya kudenga, komanso ngati bambo a boti aja nambala yawo ikadali yomweyo.